A Yotamu ndi Munda Wawo wa Mphepo

Tsiku limene a Yotamu Mbewe anamwalira, anthu a kutsidya kwa dambo sanadikire uthenga wa adzukulu. Anadziwa poona kuti gudumu laima. Inali nyengo ya mwera, mphepo ikuweramitsa nthochi ndi kugwedeza malata a tchalitchi, koma mjigo wa mphepo wa pampata unali chiimire, mchira wake utapindikira kumbali. Mayi wina wa ku Dzoole anandiuza pamaliro kuti atatuluka m'nyumba m'mawa n'kuyang'ana kuphiri, sanafunse munthu. Anangobwerera kukapungula ufa m'kambale n'kuuyamba ulendo. Papita chaka tsopano. Sabata yapitayi tinawamangira chiliza, ndipo pobwera kumanda ndinaona kuti ana amene akutunga pathanki masiku ano amayesa kuti madzi akhala akukwera phiri lathu chiyambire. N'chifukwa chake ndalemba izi.

A Yotamu anali mlongo wawo wa agogo anga, a Nambewe, amene anandilera makolo anga atamwalira. Ndinali mwana wosayankhulayankhula, a Yotamu nawonso sankakonda ana olongolola, choncho ankandilola kukhala chapafupi. Anali munthu wamfupi, wa chifuwa chotakata, woyenda mutu utapendekeka chifukwa khutu limodzi linafera mumgodi ku Joni. M'thumba la jekete yawo simunkasowa gaga. Akafika pamalo, kaya pamsika wa Mponela, kaya pakhomo pa tchalitchi, kaya pamaliro, ankayamba atapa kaye gaga pang'ono, n'kumuponya m'mwamba, n'kuyang'ana komwe wapita. Moni ankabwera pambuyo. Nkhuku za m'mudzi zinaudziwa mkhalidwe umenewu. Ukaona mdipiti wa nkhuku ukukhota kuseri kwa nkhokwe, unkadziwa kuti a Yotamu ali patsogolo.

Ankati mphepo ndi mbewu yokhayo imene imacha chaka chilichonse popanda feteleza, koma ife timangoisiya idutse pamutu pathu kupita ku Kasungu osakolola. Ankatinso mphepo ya pansi, imene imatithira fumbi m'maso, ndi makombo chabe. Yeniyeni imayenda pamwamba pa mitengo ya bulugamu, ndipo wofuna kuidya ayenera kukwera. Nthawi ya masika ankasiya amuna anzawo pabawo n'kukakhala pakati pa amayi opeta nyemba, akuwafunsa kuti mankhusu amauluka bwino pati, nanga ndi pati pomwe amabwerera kumaso. Anthu ankaseka. Iwo akaona milomo ikuseka ankangotembenuzira khutu lakufalo kumeneko.

Kukwera ankakweradi. Ngakhale m'zaka zawo zomaliza, manja atayamba kunjenjemera pogwira kapu ya tiyi, Loweruka likafika ankamangirira kachitini ka girizi m'chiuno n'kukwera makwerero a nsanja ya mjigowo opanda nsapato. Asanakwere ankagunditsa chipumi pa mwendo wa nsanja, maso atatsinzina, ati matenda a chitsulo amamveka bwino m'mafupa kusiyana ndi m'khutu. Ife pansi tinkasiya zonse n'kumayang'ana. Pamwamba ankaoneka ngati khwangwala, jekete ikukupiza, pambali pawo pali gudumu lotambalala kuposa denga la khitchini ya agogo. Akatha kuthira girizi sankatsika msanga. Ankakhala pathabwa, miyendo ili lendelende, maso ali kumapiri a Ntchisi. Agogo akamalima m'munsimo ankati osadzutsa n'komwe mutu, "Tsikani, achimwene. Mukagwa mundiphwanyira mtedza."

Sanali munthu wofewa. Bambo wina atayesa kutunga pathanki madzi othirira nazale ya fodya, a Yotamu anamulanda ndowa n'kukhuthulira madziwo m'mtsuko wa mayi amene anali pambuyo pake pamzere. Anati fodya ali ndi dambo lake, ndipo iwo sanagulitse ng'ombe kuti amwetse masamba. Bamboyo anasiya kuwapatsa moni mpaka kukolola. Iwo sanazindikire n'komwe.

Chinthuchi anachiona koyamba pawindo la sitima, ali mnyamata wopita kumigodi. Ankati sitimayo inadutsa dziko louma ngati phale, lopanda mtsinje, lopanda mtengo woti mbuzi n'kuusapo, koma apa ndi apo panali magudumu oterewa akuzungulira okha, pansi pake nkhosa zikumwa. Munthu wopopa panalibe. Anzawo m'sitimamo ankagona. Iwo anakhala chipumi chili pagalasi mpaka dziko lija linatha. Atabwerako anapeza ntchito paesiteti ina ya fodya kufupi ndi Mponela, pomwe mwini wakale anasiya mjigo umodzi wotere, ndipo anausamala zaka zambiri mpaka kudziwa kulira kwa bawuti aliyense. Esitetiyo itatsekedwa, matenanti n'kubalalika, mjigowo unagwetsedwa n'kusiyidwa patchire, udzu n'kumera pakati pa mapiko ake.

Mudzi wathu uli pamtsetse wa phiri. Chitsime cha makolo chinali m'munsi pang'ono, ndipo chinauma chaka cha chilala chachikulu chija, riferendamu isanachitike, osadzabwereranso mwakale. Amayi anayamba kutsikira kudambo, ulendo woti ukapita kawiri dzuwa lapendeka. Mabanja anayamba kusamuka, ena ku Mponela, ena kumsewu. Agogo, amene mawondo awo anali atayamba kutupa, tsiku lina anapinda mphasa yawo yatsopano, anakulungamo mthiko ndi chipande, anaimanga ndi luzi n'kuiimika kuseri kwa chitseko. Kenako anandituma kukaitana mlongo wawo.

"Achimwene, ine ndikupita ku Madisi kwa msuweni wathu. Kumeneko madzi ali pakhomo. Mwanayu ndimutenga."

"Amayi muwasiya ndi yani?" anafunsa a Yotamu, akuloza ndi chibwano kumsitu wa manda.

"Amayi sakumwa madzi."

"Mundidikire, alongo. Madzi akwera okha mpaka pano."

"Madzi kukwera phiri? Mgodi uja unakudyani khutu lokha, kapena unalowa mpaka m'kati?"

"Mvula isanagwe mukhala mukutunga apo pali mpapayapo."

Agogo akanachoka, ang'ono awo ndi ana awo akanawatsata, pakuti mizu ya mudzi wa kwathu ndi akazi. A Yotamu anali mwini mbumba. Mbumbayo ikanatsika phiri, iwo akanatsala mlonda wa mabwinja ndi manda. Mphasa ija inakhala kuseri kwa chitseko, ndipo aliyense wolowa m'nyumba mwathu ankayamba kuona iyo.

Anthu atamva kuti a Yotamu akufuna kudzutsa kwathu chitsulo cha kuesiteti chija, ankawafunsa mafunso atatu omweomwewo: chidya zingati, chidzatalika bwanji, chidzatha liti. Za kudya ankayankha kuti chinthu chotere sichidya kamodzi ngati mlendo, chimadya ngati mwana. Ndipo chinadyadi. Zitsulo za kuesiteti anazigula ndi ng'ombe zawo ziwiri zapagoli pamodzi ndi ngolo. Ngolo yomweyo ndi imene inazituta maulendo angapo, ndipo itatsitsa katundu womaliza inabwerera ndi mwini wina, iwo n'kutsala atagwira chikwapu chokha. Njinga inapita pa simenti. Wailesi inapita pa mapaipi, moti zotsatira za chisankho anazimvera pakhonde pa eni. Jekete ya ku Joni yokha ndiyo inapulumuka, mwina chifukwa cha thumba la gaga. Za kutalika ankangoloza nsonga ya bulugamu n'kukweza dzanja kupitirira pamenepo. Za nthawi yankho linali limodzi, mvula isanagwe. Mvula inagwa, inaleka, inagwanso. Mnyamata akamazengereza kukwatira, amayi ake ankati nayenso akudikira mvula ya a Yotamu.

Chimene chinawachedwetsa poyamba si zitsulo ayi. Kwathu mphepo ili pamwamba paphiri, madzi ali pansi kudambo, ndipo mjigo wa mphepo umafuna zonse ziwiri pamalo amodzi. Anthu ankati ingouimikani pansonga, pomwe zisoti zimauluka. Iwo anakana. Anadula nsungwi zazitali n'kuzizika mtsetse wonse, kuyambira kuseri kwa sukulu mpaka kumalire a dambo, iliyonse ili ndi kansalu kunsonga, ndipo m'mawa ndi masana ankaziyendera ngati munthu woyendera misampha. Anati aone kaye mwera, aone akamvuluvulu a m'chilimwe, aonenso mphepo yobwera ndi mvula, pokhapo adzadziwa pokumba. Ana asukulu ndiwo anatcha malowo munda wa mphepo. Ankanena monyoza, koma iwo dzinalo analikonda n'kulitenga.

Nsaluzo ndizo zinabweretsa mlandu. Mudzi unali utagawikana panthawiyo: a chala chimodzi, ofuna chipani chimodzi monga kale, ndi a zala ziwiri, ofuna zipani zambiri. Ngakhale pamaliro anthu ankakhala mbali ziwiri. M'nyumba iliyonse munali nsalu za chipani chakale, zija amayi ankavala povina pamisonkhano, ndipo ambiri anali atazipinda pansi pa sutikesi osadziwa chochita nazo. A Yotamu anayenda khomo ndi khomo kuzipempha, ati n'zopepuka, zimamva ngakhale mpweya wa mwana. Anazing'amba timizeremizere. A Sandalamu, amene anakhala tcheyamani wa chipanicho kwathu ine ndisanabadwe, anapeza diso la nkhope ya mtsogoleri wa dziko ya pansaluyo likukupiza pansungwi, khutu lili pansungwi ina. Zaka zochepa m'mbuyomo munthu akanakwera galimoto osabwerako chifukwa cha zimenezi. A Sandalamu anafika kunyumba ndodo ili m'manja.

"A Mbewe, kodi mwatopa nawo moyo?"

"Ndatopa ndi ludzu, a tcheyamani."

"Nkhope imeneyi mukuidziwa?"

"Ndikuidziwa. Ikundithandiza kwambiri. Pampata paja ikugwira ntchito tsiku lonse."

A Sandalamu anazula nsungwi zingapo tsiku limenelo, a Yotamu n'kuzizikanso m'mawa mwake. Nkhaniyi itamveka, Filipo, mwana wa mlongo wawo wa a Sandalamu, amene anali ndi golosale ndipo ankatsogolera a zala ziwiri, anabwera ndi nsalu zatsopano za chipani chake, poyesa kuti wapeza mkulu wa mbali yawo. Iye ndi atsibweni akewo anali atasiya kupatsana moni. A Yotamu anathokoza, anauzira nsalu imodzi kuti aone kupepuka kwake, n'kuing'amba mwini wake ali pomwepo. Kuyambira pamenepo mbali zonse ziwiri zinkawaona ngati munthu wosadalirika, ndipo phiri lathu linkakupiza mitundu yonse.

Chaka chitazungulira, nsungwi zinanena chimodzi. Pampata, pomwe mapiri awiri amayandikana, tinsalu tinkangopuma pang'ono m'mawa, tsiku lonse tili kalikiliki. M'munsi mwake munali mkuyu wosayoyola masamba, chizindikiro choti madzi sali kutali. Koma pampatapo panali munda wa mtedza wa agogo, dothi lofiira limene amayi awo anawasiyira. A Yotamu analibe munda kwathu. Anakhala zaka zambiri pachikamwini, ndipo akazi awo atamwalira anawasudzula, iwo n'kubwerera kwawo ndi ng'ombe zija ndi masipanala. Mbumba inali yawo, nthaka inali ya mlongo wawo.

Ndinawaona akubwera kudzapempha. Anavula chisoti akadali pankhokwe, anakana mpando, anakhala pansi penipeni m'munsi mwa khonde, munthu amene ankaweruza milandu ya banja lonse. Agogo anapitiriza kutongola chimanga.

"Mwatha ng'ombe, mwatha njinga, tsopano mwafika pa mtedza wanga."

"Mapazi anayi a nsanja okha, alongo, ndi kachitsime pakati."

"Amayi akanakhalapo mukananena zimenezi?"

"Amayi anafa khosi litakhota ndi mtsuko. Akanandipatsa munda wonse."

Mwezi umenewo unatha agogo ali pantchito zawo. Atakumba mtedza ndi pomwe anapita okha kumunda, analemba ndi khasu malo aakulu ngati khola la mbuzi, n'kunena kuti chitsulo chikadutsa mzere umenewo achigulitsa kwa okhoma mbaula ku Mponela.

Kukumba chitsime kunadya chilimwe chathunthu chifukwa anakumana ndi mwala. Kupala dzimbiri, kuwongola mapiko opindika ndi kudula zikopa za pampu kunadya china. Agogo anatopa nazo. Anatumiza mawu ku Madisi kuti ngolo ibwere anthu akamaliza kukolola. Pamenepo n'kuti nsanja itagona m'munda, gudumu ndi mchira zili kale kumutu kwake, miyendo iwiri itamangiriridwa ku mapazi a simenti kuti izitha kupinda ngati bondo. Chotsala chinali kuidzutsa, ndipo imeneyo inkafuna amuna onse a m'mudzi, amene chisankho chitadutsa sankamweranso chikho chimodzi.

Kudzutsa nsanja kumafuna zingwe ziwiri. Gulu lina limakoka kutsogolo, chingwe chitadutsa pamphanda ya bulugamu. Gulu lina limagwira chingwe chakumbuyo, chifukwa nsanja ikatsala pang'ono kuima kulemera kwake kumatembenuka, imafuna kuthamangira kwa okokawo, ndipo akumbuyo akalekerera imawagwera anzawo. A Yotamu anaitana dima, monga timachitira polima munda waukulu, anthu kugwira ntchito pamodzi n'kumwa mowa pambuyo. Kwa Filipo anakanena kuti akufuna anyamata odziwa kukoka chinthu chimene chagona nthawi yaitali. Kwa a Sandalamu anakanena kuti akufuna amuna odziwa kugwira chinthu osachitaya ngakhale ena onse akukokera kwina. Onse awiri anamva kukoma. Agogo anafulula mowa akung'ung'udza, ati sakufululira mlongo wawo, koma kuti anthu asadzanene kuti m'munda mwa a Nambewe anachokamo kukhosi kuli gwa.

A Yotamu anasankha m'mawa, nthawi imene mphepo ya pampata imapumako. Magulu awiriwo ataima pazingwe zawo, aliyense anaona zimene a Yotamu anachita: moyo wa a zala ziwiri unali m'manja mwa a chala chimodzi. Mmodzi wa anthu a Filipo anasiya chingwe.

"Madala, mukufuna atiphe awa? Angotsegula manja basi, n'kudzati chinaterereka."

"Tikanafuna kukuphani tikanadikira chitsulo?" anatero wina kumbuyo. Ena anaseka, kuseka kosakoma.

A Yotamu anatenga hamala ndi mabawuti, anakakhala pansi pakati pa mapazi awiri a simenti amene ankadikira miyendo yotsalayo, malo amene nsanja ikanayambira kuphwanya. Anaponya gaga, anamuyang'ana akugwa mowongoka, n'kukweza dzanja. Munthu uja anatolanso chingwe.

Sindinaonepo chinthu chachikulu chotero chikuyenda. Poyamba chinangolira, zitsulo zikudandaula ngati ng'ombe yokana kudzuka. Kenako mutu unachoka pansi, dothi likuyoyoka m'mapiko, ndipo gudumu lija, limene tinazolowera kuliona ana akusewerapo, linayamba kukwera, kupitirira mkuyu, kupitirira bulugamu, mpaka linatchinga dzuwa n'kutigwetsera mthunzi wa mizeremizere pankhope. Amayi amene anayambitsa nyimbo anaisiya pakati. Kunkangomveka kupuma kwa amuna ndi kulira kwa khonje.

Pomwepo mphepo inadzuka nthawi yake isanakwane. Ndinaiona ikubwera pa tinsalu ta m'munsi, tikuimirira kamodzikamodzi, isanatifike. Inamenya gudumu chakumbuyo, ngakhale linali lomangidwa, nsanja n'kudumphira kutsogolo. Chingwe cha Filipo chinakhwefuka n'kugwa pansi. Chakumbuyo chinakungika mpaka kutulutsa fumbi, ndipo amuna ochigwirawo anayamba kukokedwa, zidendene zikulima. Awiri anagwa. A Sandalamu, amene anali kumapeto, munthu wa imvi, anazunguliza chingwe m'chiuno n'kudzigwetsa chagada pakati pa mizere. Chinawakoka choncho, msana ukugumula mzere umodzi, wina, winanso. A Yotamu anali pomwe anali, miyendo iwiri yachitsulo ikulendewera pamwamba pa mutu wawo, maso ali pa mabowo a mabawuti.

"Atsibweni, musataye!" Anali Filipo, mawu ake oyamba kwa iwo chiyambire riferendamu.

"Ndinatayapo liti ine?" anayankha a Sandalamu ali pansi. "Bwera kuno ugwire, usiye kulongolola."

Filipo anathamanga kuzungulira, anzake pambuyo. Koma amene anayamba kufika anali agogo. Sindikudziwa kuti mawondo aja anawasiya kuti. Anagwira nsonga ya chingwe kumbuyo kwa a Sandalamu n'kukhala pansi, amayi ena n'kuwagwira m'chiuno, wina kumbuyo kwa mnzake. Nsanja inaima kaye m'malere, ikunjenjemera. Kenako, chingwe chikutsetsereka pang'onopang'ono m'manja ambirimbiri, inatsika n'kuponda pa simenti ndi mdidi umene ndinaumva m'mimba, osati m'makutu. A Yotamu analowetsa bawuti woyamba, wachiwiri, anamenya ndi hamala, anamanga ndi sipanala. Atatha anaimirira, anayang'ana m'mwamba nthawi yaitali, kenako anapita kwa a Sandalamu, amene zikhatho zawo zinali zitasupuka, n'kuwavulira chisoti. Agogo anadzuka okha, anasansa fumbi, nati mizere yonse yagumukayo aiunde eni chitsulo.

Madzi sanabwere tsiku limenelo. Panali mapaipi oti akwiriridwe mpaka pampapaya, ndi thanki ya njerwa yoti imangidwe. Ngolo ya ku Madisi inabweradi anthu atakolola. Agogo anayang'ana ngoloyo, anayang'ana kumpata, n'kuuza mwana wa msuweni wawo kuti poti wabwera kale, atute kaye mchenga wa thanki, za ulendo akambirana. Mphasa sanaimasule.

Linali tsiku wamba, masana, mwera uli pakati. A Yotamu anamasula gudumu osaitana munthu, koma kulira kwake kunatiitana tonse. Paipi ya pathanki inayamba ndi kupuma ngati munthu wokwera chitunda. Inatsokomola, inalavula dzimbiri ndi nyerere, inakhala chete mpaka ena anayamba kuyang'ana pansi. Kenako madzi anatuluka, akugunda motsatira kuzungulira kwa gudumu limene linali kutali m'munsimo, popanda dzanja la munthu paliponse. Mkulu wina wosaona anapempha kuti amugwiritse paipiyo, nafunsa monong'ona kuti akupopa ndani. Agogo anatunga ndi chikho, analawa, nati akununkha chitsulo, ndiponso achedwa. Dzuwa lisanalowe ndinapeza mphasa ija itayalidwa pabwalo. Mbali imene inkagunda pansi chiswe chinali chitadya kale, mthiko womwe.

Wina akanapuma pamenepo. A Yotamu ankati umodzi si munda, ndi mbewu. Bambo wina wa kumishoni ya Madisi anawaonetsa chithunzi cha kunja, magudumu oyera a mapiko atatu atandandalika paphiri lonse, opanga magetsi, n'kuwauza kuti limodzi lokha limatalika kuposa tchalitchi kangapo, ndipo ng'ombe zonse za m'dera lathu sizingaligule. A Yotamu sanadabwe ndi mtengowo. Anangofunsa ngati anthu amenewo amayamba ayendera mphepo yawo asanakumbe, ndipo atamva kuti nawonso amaimika zoyezera chaka kapena kupitirira, anabwera akumwetulira njira yonse ngati munthu amene wapeza abale ake. Kuyambira pamenepo akakhala pathabwa lija ankaloza mzere wa mapiri, kuchokera ku Dzoole mpaka ku Ntchisi, akutchula pomwe wachiwiri udzaime, wachitatu, wachinayi. Anapemphanso malo kwa agogo. Ulendo uno agogo anangoti, "Munayamba kale kundidyera munda, malizani." Anathira mapazi ena anayi a simenti chapamwamba pang'ono pa oyamba aja. Zitsulo zake sizinapezeke, ndipo ng'ombe zina zogulira panalibe. Tikawafunsa ankati mvula isanagwe, akuseka nafe limodzi tsopano.

Anadwala chifuwa nthawi yochepa chabe. A Sandalamu ndi amene anapita kukamanga gudumu m'mawa umene a Yotamu anatisiya, ndi manja awo a zipsera aja, ndipo linakhala lomangidwa mpaka tsiku lometa, anthu akumwa madzi otsala m'thanki. Tsikulo agogo, mutu uli mpala, anawaitana.

"Kamasuleni, a tcheyamani. Mwini wake sankakonda chinthu chongokhala."

Girizi amathira ndi Filipo tsopano. Amakwera atavala nsapato, ndipo sakhalitsa pamwamba.

Dzulo ndinapita kumpata. Mapazi anayi a nsanja yachiwiri akadali pomwepo, mabawuti ataloza kumwamba, aliyense atavundikiridwa ndi kachitini kamene a Yotamu anaikapo kuti dzimbiri lisalowe. Agogo, amene anakangana nawo pa mzere uliwonse wa munda umenewu, amadzala mtedza kuzungulira, koma pakati pa mapaziwo sapondetsapo khasu. Amangozula udzu ndi manja, malowo n'kukhala oyera ngati bwalo loyembekezera mlendo. Pambali patsala nsungwi imodzi ya munda wa mphepo, kansalu kake katasuluka moti palibe angadziwe kuti kanali ka chipani chiti. Dzuwa likapendeka, mthunzi wa gudumu loyamba umafika pamenepo n'kumazungulira pa dothi lopanda kanthu. Nkhuku zimabwerabe. Zimaima pakati pa mapaziwo, mitu itapendekeka, zikuyang'ana m'mwamba.